Khasu, bango ndi madzi a ku Chivero

Abale akabwera kudzationa kuno ku Harare kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre, amadabwa ndikawauza kumene madzi athu akumwa amachokera. Mizinda yambiri imatunga madzi kumtunda, kumene anthu sanawadetse, n'kumataya zonyansa zake kumunsi. Kuno zinatembenuka. Mzinda uli pamtunda, damu lili kumunsi kwake. Mvula ikagwa pa malata a ku Mbare, pa msika wa Machipisa ku Highfield kapena pa msewu wa ku Kambuzuma, madziwo amatsetsereka kulowa mumtsinje wa Mukuvisi kapena wa Marimba, n'kukathera m'nyanja ya Chivero, makilomita oposa 30 kumwera chakumadzulo kwa mzinda. Kumeneko amawapopa, amawayeretsa pa Morton Jaffray, kenako amawakankha m'mapaipi kukwera chitunda kubwerera kwa ife tomwe. Chimene tataya m'ngalande chimadzatipeza pampopi.

Mukuvisi umayambira ku Cleveland Dam, kum'mawa. Umadutsa m'mafakitale a ku Msasa, umapumako pang'ono m'nkhalango ya Mukuvisi Woodlands, kenako umalowa ku Graniteside, umalambalala Mbare ndi Highfield mpaka kukalandira madzi otuluka ku Firle, kumene amasefera suweji. Marimba umachokera chakumpoto, umadutsa dambo la Monavale, umatsika kufupi ndi National Sports Stadium, n'kubwera kwathu kuno ku Kambuzuma ndi Mufakose usanakakumane ndi suweji ya ku Crowborough. Ku Chitungwiza nako kuli Nyatsime, umene umathira mu Manyame, mtsinje waukulu umene pali damu la Chivero. Yonseyi njira yake ndi imodzi. Damu la Chivero analimanga mu 1952, pa nthawiyo likutchedwa McIlwaine, mzinda ukadali Salisbury ndipo anthu ake ali ochepa kwambiri poyerekeza ndi lero.

Amene anapitako ku Chivero zaka zino akudziwa mmene madzi ake amaonekera. Ndi obiriwira, ndipo nthawi yotentha amanunkha. Namasupuni, yemwe uja amavutitsa pa Shire ku Liwonde, kunonso anakhazikika kalekale. Mu 1996 nsomba zinafa zambirimbiri n'kumayandama. Mu Disembala 2024 a ZimParks, bungwe la boma loyang'anira nyama zakutchire, analengeza kuti zipembere zinayi zafa m'paki ya m'mbali mwa nyanjayi zitamwa madzi okhala ndi ndere zapoizoni, pamodzi ndi mbidzi ndi nkhwazi. Chipembere ndi chinyama chachikulu, cholimba, ndipo madzi amene anachipha ndi omwewo amene amapita ku Morton Jaffray. Kuti asanduke akumwa pamafunika mankhwala amitundumitundu, ena ogulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Mu Seputembala 2019 malo oyeretserawo anatsekedwa kwa kanthawi chifukwa mankhwala anatha, mzinda wonse n'kukhala pouma.

Mukafunsa munthu aliyense mu kombi chimene chinapha Chivero, akuyankhani kuti ndi suweji. Sakunama. Mapaipi akale amaphulika, zonyansa zimayenda m'misewu kulowa m'mitsinje, ndipo Firle ndi Crowborough amalandira zochuluka kuposa zimene angathe kusefa. Ndibwereranso ku nkhani imeneyi. Koma pali mbali ina imene sitiikamba mokwanira, mwina chifukwa imatikhudza ife eni, ndiyo magombe a mitsinjeyi, kamzere kanthaka kamene kali pakati pa madzi ndi munda.

Gombe timaliona likugwa tsiku limodzi, koma kugwa kwake kumayamba kale. Kaimeni pamene mtsinje wakhota. Kumbali ya mkati madzi amayenda pang'onopang'ono n'kusiya mchenga. Kumbali ya kunja amathamanga, ndi akuya, ndipo amakumba kunsi kwa gombe mpaka kupanga mphako. Pamwamba pamaoneka bwinobwino, munthu akhoza kupondapo, koma pansi palibe chochirikiza. Mtsinje ukadzaza, dothi la gombelo limamwa madzi n'kulemera. Nthawi imene madzi ali odzaza, iwo omwewo amalichirikiza. Akaphwa msanga, dothi lonyowa lija limatsala lokha, lolemera, lopanda chotsamira, basi n'kudilimuka. N'chifukwa chake kawirikawiri mumapeza kuti gombe lagwa mvula italeka, dzuwa likuwala, anthu n'kumadabwa.

Chimene chimagwira dothi loterolo ndi mizu. Mizu ing'onoing'ono ya udzu ndi bango imaluka nthaka ya pamwamba, mizu ya mitengo imatsika kukagwira ya pansi. Mapesi a bango amene aima m'madzi amachepetsa liwiro la madziwo, ndipo madzi akachepa liwiro amatula matope amene anyamula. Ndiye taganizani zimene khasu limachita pamenepo. Mu Okutobala timasosa, timatentha, timagalauza dothi mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi, n'kupanga mizere ya chimanga kapena mitumbira ya mbatata, nthawi zina yoloza kumtsinje kuti madzi asadikhe m'munda. Mvula yoyamba imapeza dothi lofewa, lopanda chofunda. Madzi ofiira amene timawaona mu Marimba mu Disembala ndi minda yathu ikuyenda.

Mzinda nawonso unawonjezera mphamvu ya madziwo. Kale mvula inkagwa pa udzu, n'kulowa m'madambo, madambowo n'kumaitulutsa pang'onopang'ono mpaka m'chilimwe. Lero imagwa pa malata, pa phula ndi pa simenti, ndipo madzi amene ankatenga miyezi kuti afike kumtsinje amafika pa ola limodzi. Mtsinje umakumba pansi pake n'kuzama. Ukazama umakoka madzi a m'dambo, dambo limauma, zitsime zosazama za m'makomo zimaphwa msanga, ndipo magombe amatalika n'kumagwa mosavuta kuposa kale.

Dothi lokokolokalo silipita lokha. Feteleza wa Compound D amene timathira pobzala ali ndi fosifolasi, ndipo fosifolasi amamatirira ku tizidutswa ta dothi. Wa AN amene timabereketsera amasungunuka n'kutsata madzi. Zonsezi zikafika ku Chivero zimakadyetsa ndere ndi namasupuni, kuwonjezera pa chakudya chochuluka chimene suweji yabweretsa kale. Ndere zikafa n'kuwola zimamaliza mpweya wa m'madzi, nsomba n'kubanika. Matope okha amadetsa madzi kotero kuti pa Morton Jaffray amafunika mankhwala ambiri oti matopewo adikhe, ndipo otsalawo amakwirira damu, malo osungira madzi n'kumachepa chaka ndi chaka. Feteleza amene mayi anamugula movutikira, wopimidwa pa kapu, amakathera kudyetsa udzu wa panyanja.

Tsono amene akulima m'magombemo ndani? Si ife tokha ayi. Chiyambire kutsekedwa kwa mafakitale m'zaka za m'ma 1990, ndiponso mavuto a ndalama a 2008, aliyense mumzinda muno ali ndi kamunda penapake. Koma ife ana a machona nkhaniyi imatikhudza mwapadera. Makolo athu anabwera kuno kuchokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, ena kudzera ku Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito. Anagwira ntchito m'minda ya fodya, m'migodi, panjanji ndi m'nyumba za azungu, kenako anakhazikika ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku, Tafara, Dzivaresekwa ndi Epworth. Mnzathu wa Chishona akapanikizika amatumiza uthenga kumudzi, matumba a chimanga n'kubwera pa basi. Ife kumudzi kwathu ndi dzina la boma limene agogo ankalitchula, Dedza kapena Ntcheu kapena Mangochi, kumene ambiri a ife sitinapondeko. Mu 2005, nthawi ya Murambatsvina, pamene boma linagumula nyumba zimene linati n'zosaloledwa, anthu atauzidwa kuti abwerere kumidzi kwawo, mabanja athu ambiri analibe kolowera. Lamulo la 2001 linachititsa kuti ambiri ataye unzika, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 anadzatsegulanso njira. Munthu wotere akapeza kachigawo konyowa m'mbali mwa Marimba, kameneko ndiye munda wake wonse padziko lapansi.

Komanso ulimi wa dimba tinabadwa nawo. Agogo anga aakazi anali ndi dimba kumunsi kwa Mufakose, mmene munali mpiru, repu, nzimbe, koko ndi chimanga chachiwisi chimene chinkacha anzathu asanabzale n'komwe. Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi malire ake. Pakati pa dimba ndi madzi panali bango wowirira, ndipo mwana akalowetsa khasu mmenemo ankamukalipira. "Mwanawe, pamene payambira bango m'pa mtsinje. Iwe lekeza apa." Sankanena zimenezi chifukwa choopa lamulo. Bangoyo anali ndi ntchito. Agogo aamuna ankamudula m'chilimwe, kumung'amba n'kusoka mphasa, zina zogonera pakhomo, zina zogulitsa, zina zosungira tsiku la maliro. Chinthu chimene chimakupatsa ndalama suchitentha. Mphasa za bango zitayamba kusowa msika, anthu oluka n'kutha, bango anasanduka tchire lobisalamo njoka ndi akuba, ndipo malo ake analowa chimanga.

Lamulo lilipo, ndipo ndi lakale, linayamba nthawi ya atsamunda. Munthu saloledwa kulima pasanathe mamita 30 kuchokera m'mphepete mwa mtsinje popanda chilolezo, ndipo masiku ano bungwe loyang'anira zimenezi ndi Environmental Management Agency, limene tonse timangoti EMA. Ine mamita 30 sindikutsutsana nawo. Amene anaona mtsinje utasefukira amadziwa kuti malo amenewo ndi akedi. Chimene sindigwirizana nacho ndi njira imene yakhala ikugwiritsidwa ntchito, yotchetcha chimanga chikamasula ngayaye. Tangoganizani za mtsinjewo pawokha, tisanafike n'komwe kwa mayi amene akulira. Dothi linagalauzidwa kale, feteleza anathiridwa kale. Chimanga chija, ngakhale sichigwira nthaka bwino, chinali chofunda chokhacho chimene chinalipo. Ukachitchetcha mu Januwale kapena mu Febuluwale, mvula ili pachimake, wasiya gombe lamaliseche pa nthawi yoipitsitsa. Chaka chamawa mayi yemweyo amabweranso ndi khasu, chifukwa njala sinatchetchedwe.

Ndipo anthu ali ndi maso. Amaona nyumba zikumera m'madambo, malo ogulitsira mafuta, matchalitchi, ngakhale msika waukulu uja umene unamangidwa padambo pafupi ndi National Sports Stadium. Munda ukausiya zaka zingapo udzu umabwerera. Simenti sibwereranso kukhala dambo. Munthu akaona kuti lamulo limaluma wa khasu lokha, n'kovuta kumuuza kuti alilemekeze.

Maganizo anga ndi akuti malo opanda mwini mumzinda sakhalitsa opanda kanthu. Mukathamangitsa olima n'kungosiya mamita 30 aja, m'miyezi yochepa pabwera otaya zinyalala, okumba mchenga usiku ndi malole, oumba njerwa, kapena wina wodzagulitsa malowo ngati mapuloti. Pa onsewa, wolima dimba ndi yekhayo amene gombe likagwa amataya kanthu. Amakhala pamenepo m'mawa uliwonse. Amadziwa pamene madzi anafika chaka chatha, pamene pali dongo ndi pamene pali mchenga. Ngati pali munthu woti n'kupatsidwa udindo wosamala gombe, ndi iyeyo, koma apatsidwe pamodzi ndi chifukwa chousungira: malo odziwika olimapo kunja kwa mzere, ndi ufulu wodula udzu ndi bango wa mkati mwa mzerewo pa nthawi yake.

Ntchito yeniyeni yokonza gombe si yamatsenga, koma ili ndi dongosolo lake, ndipo anthu ambiri amaiyambira kumapeto. Amabwera ndi mbande za mitengo tsiku lobzala mitengo, kumayambiriro kwa Disembala, amazibzala pamwamba pa gombe loima chilili, amajambulitsa zithunzi. Madzi amapitiriza kukumba kunsi, ndipo pofika Malichi mbandezo zili m'madzi pamodzi ndi dothi lake. Poyambira ndi pansi, pamene madzi akudya. Ngati gombe laima ngati khoma, liyenera kusemedwa kuti lipendekeke, mwina mamita awiri kubwerera m'mbuyo pa mita iliyonse ya kutalika kwake. Apa ndi pamene mwini munda amawawidwa mtima, chifukwa ukumudulira mizere iwiri kapena itatu. Koma mizere imeneyo inali yopita kale, kusiyana kwake n'kwakuti mukaisema nokha mumasankha pamene kugwako kulekezere.

Pakhota pamene madzi amamenya mwamphamvu, kunsi kwa gombe kumafuna miyala. Magabiyoni, mabokosi a waya odzaza miyala aja, amagwira ntchito bwino akaikidwa bwino: akwiriridwe kuzama kuposa pansi pa mtsinje, ndipo nsonga zake zonse ziwiri zilowe m'gombe, apo ayi madzi amazungulira kumbuyo n'kuwasiya ali pakati pa mtsinje. Ndi odula, waya amachita dzimbiri msanga m'madzi a suweji, ndipo kuno waya amabedwa. Choncho ndi oika pamalo ochepa oopsa okha, monga pafupi ndi mlatho kapena paipi. Zibuma zogumulidwa, matayala ndi matumba a zinyalala amene anthu amatayira m'gombe poganiza kuti akulilimbitsa amangopotoza madzi kuti akadye kwa mnzako. Ngalande ya simenti nayo imateteza pamene yamangidwa pokha, madzi n'kutuluka kumapeto kwake ali ndi liwiro loposa kale.

Kwina konse ntchito ndi ya zomera. M'madzi ndi m'mphepete mwenimweni mubwerere bango ndi milulu. Sizifuna kugula, mumangokumba zitsa pamene zachuluka n'kuzioka m'matope. Pamwamba pake, pamalo opendekeka paja, ndi pa vetiva. Amene anakhalako ku Malawi amaudziwa udzu umenewu, alangizi ankaubzalitsa pa akalozera m'minda ya m'mapiri. Mizu yake simayanza m'mbali, imatsika molunjika mpaka mamita atatu ngati nthaka yalola. Mtundu umene umabzalidwa subereka njere zomera, choncho sulowerera m'munda. Umapirira kumizidwa ndi madzi, ndipo ukapsa umaphukanso. Mumagawa chitsa m'timagulu ta mapesi awiri kapena atatu, mumadula masamba, n'kubzala motalikana masentimita 10 mpaka 15 m'mizere yopingasa chitunda. Mukatalikitsa kwambiri, madzi amapeza mipata n'kukumba tingalande pakati pake. Mzere ukatsekana, matope ochokera kumunda amaima kumbuyo kwake, ndipo patapita nyengo zingapo za mvula mumaona kuti nthaka ya pamenepo yakwera. Udzu wake mukhoza kufolerera khola kapena kuphimbira mbewu m'dimba.

Mitengo imabwera pomalizira, kumtunda kwa vetiva, chifukwa vetiva sakonda mthunzi. Ikhale mitengo ya m'mitsinje: mkuyu, umene nthambi yake yaikulu ukaizika m'dothi lonyowa imaphuka yokha, katope amene anzathu kuno amati mukute, ndi m'bawa pamene pali malo. Bulugamu ayi. Amakula msanga n'kupereka milimo, koma amamwa madzi ambiri ndipo pansi pake sipamera kanthu. Ndionjezere chinthu chimene okonda mitengo sakonda kumva: dambo lenileni, la udzu, lopanda magombe akuya, silifuna mtengo ngakhale umodzi, silifunanso vetiva. Madambo a Harare ndi a udzu mwachilengedwe, ndipo mankhwala ake ndi kuwasiya. Zimene ndikufotokozazi ndi za pamene mtsinje unakumba kale ndipo magombe akugwa.

Umboni woti kusiya kumathandiza uli ku Monavale. Anthu okhala kumeneko anapanga bungwe la Conservation Society of Monavale, ndipo mothandizana ndi BirdLife Zimbabwe anayesetsa kuletsa kulima ndi kutaya zinyalala m'chigawo china cha dambolo. Udzu wachilengedwe unabwerera, mbalame za m'madambo zimabwera kudzaswa nthawi ya dzinja, ndipo mu 2013 malowa analowa m'ndandanda wa madambo ofunika padziko lonse wa pangano la Ramsar, pamodzi ndi Cleveland Dam ndi Chivero yemwe. Ndimawayamikira kwambiri, chifukwa madzi amene amatsika kubwera kwathu amadutsa kumeneko. Koma Monavale si Mufakose. Anthu ambiri a kumeneko nsima yawo sichokera m'dambomo. Njira yawo singangonyamulidwa n'kudzaikidwa kwathu popanda kuyankha funso la kumene mayi uja akalime.

Nthawi yobzala nayo ndi yofunika kuiganizira. Ambiri amadikira mvula, koma chomera chobzalidwa kunsi kwa gombe mu Disembala chimakumana ndi madzi osefukira chisanagwire. Olima dimba amadziwa bwino: mu Epulo ndi Meyi madzi akatsika, dothi la m'mphepete limakhala lonyowabe, ndipo chimene wabzala pamenepo chili ndi miyezi yambiri yozika mizu mvula isanabwere. Cha pamwamba chimafuna kuthirira ndi kheni m'miyezi yotentha, ndipo amene ali kale pamenepo ndi kheni m'manja ndi yemwe uja tikufuna kumuthamangitsa. Mdani wamkulu chaka choyamba ndi moto. Kuyambira mu Ogasiti anyamata osaka mbewa ndi anthu ososa minda amayatsa, ndipo ntchito ya miyezi imatha madzulo amodzi. Kulambula kamsewu kotchinga moto kuzungulira pamene mwabzala n'kofunika mofanana ndi kubzalako.

Za okumba mchenga sindinena zambiri. Palibe udzu umene ungapirire fosholo ndi lole. Bola mzinda ukumangidwa, mchenga udzafunika, ndipo mpaka patakhala malo ovomerezeka okwanira okatengako, anyamata osowa ntchito adzapitiriza kukumba usiku. Imeneyo ndi ntchito ya apolisi ndi a EMA, koma gombe limene lili ndi anthu olisamala silikumbidwa mosavuta ngati lopanda mwini.

Ndinalonjeza kubwerera ku suweji. Bango amasefa, amagwira matope ndi gawo la zonyansa, koma palibe bango amene angayeretse zotuluka m'zimbudzi za mzinda wonse. Kolera ya 2008 ndi 2009, imene inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno ndipo inasakaza kwambiri ku Budiriro, sinabwere chifukwa cha kugwa kwa magombe. Inabwera chifukwa mipopi inauma, anthu n'kukumba zitsime zosazama pafupi ndi mapaipi a suweji ophulika. Ya 2018 ku Glen View ndi Budiriro inayenda njira yomweyo. Aliyense wokuuzani kuti kubzala vetiva kuthetsa zimenezi akukunamizani, ndipo akuthandiza amene ayenera kukonza mapaipi kuti athawe udindo. Gawo 77 la malamulo aakulu a dziko limati munthu aliyense ali ndi ufulu wa madzi aukhondo, gawo 73 limakamba za malo okhala osavulaza thanzi. Zimenezo tiyenera kuzifunsa mokweza kwa amene timawalipira mabilu. Kulumikizana kwake ndi magombe n'kwakuti madzi akafika ku Chivero ali ndi matope ndi feteleza wochepa, kuyeretsa kumatsika mtengo, ndipo mipopi ikamatuluka madzi anthu sathamangira ku zitsime zija. Ndi gawo chabe la vutoli, koma ndi gawo limene manja athu amafikapo popanda kudikira ngongole yochokera kunja.

Palinso nkhani ya ndiwo zamasamba zothiriridwa ndi madzi a mitsinje imeneyi. Kumunsi kwa mafakitale ndi kwa mapaipi ophulika, madzi amene amalowa mu kheni ndi omwewo amene tikuwadandaula. Wolima dimba ndiye woyamba kuwaponda ndi mapazi, ana ake ndiwo oyamba kudya repu wake. Pa anthu onse mumzinda muno, iye ali ndi chifukwa chachikulu chofunira mtsinje woyera.

Mwayi umene tili nawo ife ndi woti kusonkhana tinakuzolowera. Popeza tinalibe mudzi, makolo athu anapanga midzi ina: mabungwe a maliro amene amasonkhetsa ndalama mwezi ndi mwezi osaphonya, mipingo monga CCAP ya Sinodi ya Harare kumene nyimbo zimaimbidwabe m'Chichewa, mizikiti ya abale athu Achiyawo, ndi magulu a gule wamkulu amene amavina ku Mufakose, Mbare ndi Dzivaresekwa. Ku Malawi, m'madera ambiri mmene mitengo inatha, nkhalango imene yatsala ndi ya kumanda, chifukwa pali anthu amene ananena kuti muno nkhwangwa isalowe, ndipo mawu awo amamveka. Luso loteteza kachigawo ka nthaka pogwiritsa ntchito ulemu ndi mgwirizano tili nalo. Bungwe limene limatha kusunga buku la zopereka za maliro kwa zaka zambiri likhoza kusunganso buku la amene akuyang'anira chigawo chiti cha gombe.

Sindikunena za mtsinje wonse. Ndikunena za khota limodzi, pamene olima ake amadziwana mayina. Choyamba ndi kupita limodzi kwa khansala ndi ku EMA, chifukwa kusema gombe kapena kuika miyala mumtsinje popanda chilolezo ndi mlandu ngakhale cholinga chili chabwino. Chachiwiri ndi nazale: kachigawo kakang'ono m'dimba la wina kochulukitsiramo vetiva, chifukwa chitsa chimodzi chosamalidwa bwino chimabereka mapesi ambiri m'nyengo imodzi, ndipo kugula udzu wokwanira gombe lonse palibe angakwanitse. Chachitatu, chimene magulu ambiri amaiwala, ndi kugwirizana zinthu zisanamere. Amene wataya mizere yake posema gombe apatsidwa chiyani? Bango akakula adzadula ndani, mwezi uti, ndipo adzasiya wochuluka bwanji? Mbuzi za wina zikadya mbande, kapena mwana wa wina akayatsa moto, mlandu ukakambidwa kuti? Zimenezi zilembedwe m'buku, aliyense asaine, ndipo khansala akhale ndi pepala lake, kuti tsiku limene otchetcha adzabwere adzapeze mzere woonekera ndi anthu otha kuwaonetsa pamene munda walekezera.